Ndodo za Hoki Zomwe Zinamanga Mafupa

Chinali chaka cha 2015, ndili ndi zaka 58, pamene ananditumizanso kusukulu. Ndinali dalaivala wa ambulansi pachipatala china cha mishoni kuno ku Mchinji. Ntchito yanga inali kuyendetsa basi. Wodwala ankamukweza ena, kukamutsitsanso ena, ine ndili pachiwongolero. Chaka chimenecho akuluakulu anati dalaivala aliyense wa ambulansi aphunzire kuthandiza wovulala asanafike naye kuchipatala, chifukwa pangozi nthawi zambiri timafika tokha, namwino palibe. Sanandifunse ngati ndikufuna. Anangondiuza tsiku loyamba.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndipo sindichita nazo manyazi. Nditasiya ndinapita ku Chipata kukagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye wina, poyamba kunyamula matumba, kenako kuyendetsa lole. Hoki ndinaidziwira kumeneko. Ana a bwana wanga ndi anzawo ankasewera Lamlungu masana pabwalo la kuseri kwa masitolo. Tsiku lina anaperewera, anandipatsa ndodo n'kundiuza kuti ndiime kumbuyo. Kuyambira pamenepo sanasewerenso popanda ine.

Kwa amene sadziwa, hoki ndi mpira wa ndodo. Ndodoyo imalekeza m'chiuno, kumunsi kwake n'kokhota ngati ngowe. Mpira wake ndi waung'ono, wolimba ngati mwala. Timu imakhala ya anthu khumi ndi mmodzi, aliyense ndi ndodo yake, ngakhale goloboyi. Wopanda ndodo salowa m'bwalo.

Ndinasewera zaka zambiri. Anzanga aja anakalamba, ana awo anapita kunja, masewerawo n'kutha. Pamene ndinkabwerera kumudzi, mwana wa bwana anandipatsa thumba lalitali la nsalu ya tenti. Munali ndodo khumi ndi zinayi, mipira itatu ndi zotchinga miyendo za goloboyi.

"Mudala, ku Malawi mukaphere njoka," anatero.

Sindinaseke.

Ndodozo zinali zakale, zamtengo, zochokera kutsidya kwa nyanja. Kumeneko mtengo amaupinda ndi nthunzi, sachita kucheka. Ndinatengerapo imodzi kwa kalipentala wa pa Ludzi kuti aone ngati angapange zina. Anacheka mlombwa wabwino, n'kuupala mpaka kufanana. Nditangomenya mpira kamodzi inathyoka pokhota pomwe, chifukwa sowo inali itadula mitsempha ya thabwalo. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti khumi ndi zinayi zija ndi zomwezo, zina sizidzabwera.

Anyamata akwathu ankangofuna mpira wamiyendo, choncho timu ndinaiyamba ndi atsikana. Ena anali a pasekondale yoyendera, ena anali atasiya sukulu. Bwalo tinapempha la pa pulayimale. Tinazula zitsotso za udzu ndi makasu, kugumula tizulu, kuthira dothi m'maenje, chifukwa mpira wa hoki sufuna mabampu. Tinkasewera Lachitatu ndi Loweruka masana, asanu ndi awiri uku, asanu ndi awiri uku, ndodo zonse m'bwalo.

Malamulo anali anga. Ndodo sipita kunyumba kwa munthu. Ndodo sithyola mango, sipirikitsa mbuzi, siipha njoka. Mtsikana wina anagenda nayo galu amene analowa m'bwalo, ndinamukhazika panja mwezi wathunthu. Tikatha kusewera ndinkaziwerenga, kuzipukuta, nthawi ya chilimwe kuzidzoza mafuta a nsatsi kuti zisang'aluke. Thumbalo linkagona pansi pa bedi lathu. Mkazi wanga ankati ana athu sindinawadzozepo mafuta chonchija.

Kaputeni anali mwana wa mayi wina wamasiye wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Anali wamfupi, wamanzere, wapakamwa. Ndodo ya hoki yamanzere kulibe, choncho anachita kuphunzira ndi dzanja limene sadyera, ndipo anapambana anzake onse. Pachigwiriro cha ndodo yake anakulungapo tepi ya buluu kuti wina asaitenge. Ndi yekhayo amene ankandiyankha ndikalankhula.

Maphunziro a ambulansi aja ankachitikira ku boma, m'chipinda china chakuseri. Wotiphunzitsa anali namwino wa msinkhu wa mwana wanga womaliza. Anzanga ambiri anali anyamata a Folomu 4, ndipo tsiku loyamba lomwe anandipatsa dzina loti agogo. Namwinoyo anafuna munthu woti agone pansi ngati wovulala. Anayang'ana chipinda chonse n'kuloza ine.

"Agogo, tagonani apa."

"Mayi, ine sindigona pansi pamaso pa ana."

"Pangozi mukapeza anthu akuluakulu kuposa inu ali gone m'ngalande. Muyambe mwadziwa mmene zimamvekera kukhala pansipo."

Ndinagona. Simenti inali yozizira. Mnyamata wina anandigwira mutu ndi manja awiri, ena anayi n'kunditembenuzira pathabwa onse pamodzi, ngati chipika.

"Agogowa akulemera ngati belo la fodya," anatero wina.

"Belo silikumva," anatero namwino. "Awa akumva zonse. Pangozi wovulala amamva chilichonse chimene mukunena pamutu pake."

Mnyamatayo anapepesa. Namwino wachitsikanayo ndinayamba kumumvera kuyambira pamenepo.

Zimene anatiphunzitsa zinali zosiyana ndi zimene timachita kwathu. Kwathu munthu akagwa timamuthamangira, kumunyamula manja ndi miyendo, kumukhazika tsonga, kumuthira madzi kumutu ndi kumumwetsa. Mwendo ukapindika timaukoka kuti uwongoke. Timachita zimenezi chifukwa cha chifundo, ndipo woima osagwirako timamuyesa wouma mtima. Namwinoyo anati zonsezo tisiye. Ukafika uyambe waima n'kuyang'ana. Uimitse magalimoto. Uvale magolovesi. Amene akukuwa ndiye kuti akupuma, uyambe wapita kwa amene ali chete. Khosi ligwiridwe, lisagwedezeke. Madzi akumwa ayi. Fupa lothyoka usakoke, ulimangirire ku chinthu chowongoka ndi cholimba, kumtunda ndi kumunsi kwa pothyokapo, kenako ugwire zala uone ngati zikadali zofunda.

"Nanga ngati zomangira palibe?" anafunsa wina.

"Yang'anani chimene chilipo. Pamalo sipasowa kanthu."

Panalinso chidole chopanda manja ndi miyendo, chimene tinkachipsinja pachifuwa mpaka thukuta. Buku linali lachingerezi. Mawu ake ndinkawaloweza ngati katekisimu, koma namwinoyo anandilola kuti pomuyankha ndizifotokoza m'Chichewa n'kumuonetsa ndi manja. Mutu unkagwira. Zala ndi zimene zinkachedwa pomanga mfundo, ndipo anyamata aja ankandisiya kumbuyo. Zimenezo sindinazifune.

Ndinaganiza zomayeserera kumudzi. Tikatha hoki ndinkagoneka atsikana aja pansi mmodzimmodzi, wina kugwira mutu, ine kumanga mwendo ndi nsungwi ndi zitenje. Ankaseka mpaka misozi.

"Akochi, wathyokawo ndi uti? Mwamanga wabwinowo."

"Wovulala salankhula chonchi."

"Nsungwi zanuzi zikubaya. Bwanji osangomangira ndodozi, si izi zili apa?" anatero kaputeni.

"Ndodo ndi ya mpira."

Pasanapite nthawi nawonso anayamba kumangana okhaokha, kupikisana kuti amalize msanga ndani. Mkazi wanga atadutsa pabwalopo tsiku lina akuchokera kuchigayo, anaima n'kuyang'ana.

"Ana a eni munawatenga kuti azikasewera mpira. Lero mwawasandutsa mitembo."

Nkhani ya timu yathu inafika ku Lilongwe kudzera mwa wansembe wina. Kusukulu ina ya atsikana kumeneko kunali timu ya hoki, ndipo mphunzitsi wake anandiimbira foni. Anati tibwere Loweruka lina m'mwezi wa Juni. Tikakasewera bwino adzatilowetsa m'mipikisano yawo, ndipo nawonso azidzabwera kwathu. Atsikana anga anali asanasewerepo ndi munthu wachilendo. Ankadziwana okhaokha, mpaka aliyense kudziwa kumene mnzake akhotere.

Ndinayenda khomo ndi khomo kupempha makolo. Azimayi anavomera, koma anati ana awo asayende pamsewu ndi makabudula. Amange zitenje pamwamba, akamasule atafika pabwalo. Kuparishi anatibwereka kalole kakang'ono. Ambulansi ndinasiyira mnzanga wosinthana naye. Ndinangotenga kachikwama kanga, momwe munali magolovesi, sizasi ndi mabandeji ochepa.

Tinanyamuka m'mawa, kukuzizira. Atsikana anali kumbuyo, akuimba, thumba la ndodo lili pakati pawo. Tinalowa m'msewu wa tala. Titayandikira pamene msewu wafumbi wochokera kwa Mavwere umakumana ndi wa tala, ndinaona fumbi kutsogolo. Lole yonyamula mabelo a fodya inali itaphulika tayala lakutsogolo n'kugubuduzikira m'ngalande. Eni fodya anali atakhala pamwamba pa mabelowo, monga amachitira kuti aperekeze katundu wawo. Tayala limodzi linali likuzungulirabe.

Ndinaimika kalole patali pang'ono, n'kuuza atsikana kuti asatsike. Anatsika onse. Kumbuyo kwathu kunaima thiraki ya ku Zambia, dalaivala wake anabwera akuthamanga.

"Mudala, nichite chani?"

"Kokerani thiraki yanu pakati pa msewu, muyatse magetsi. Pasadutse galimoto yothamanga."

Anapita osafunsa zambiri.

Anthu a m'nyumba zapafupi anali atafika kale. Amuna anayi anali atanyamula bambo wina manja ndi miyendo, ndipo mwendo wake unkapindika pamalo pomwe palibe bondo. Mayi wina ankabwera ndi ndowa ya madzi.

"Mutsitseni," ndinatero.

"Inu ndinu ndani?"

"Ndine wa ambulansi."

"Ambulansiyo ili kuti?"

Ndinalibe chowaonetsa. Ndinali nditavala jekete yakale ndi wezulo m'khosi. Kaputeni anangodutsa pakati pawo, n'kugwira mutu wa bamboyo ndi manja awiri monga tinkachitira pabwalo.

"Amalume, tsitsani pang'onopang'ono, nonse pamodzi. Mukumuwonjezera."

Anatsitsa. Sindidziwa ngati anamvera mawuwo kapena anangodabwa.

Ndinazungulira malo onse. Awiri ankayenda okha, ali ndi mabala chabe. Asanu anali pansi, onse othyoka miyendo. Anayi ankakuwa. Wachisanu anali chete, bambo wa zaka za m'ma 40, belo linali litamugwera pachifuwa ndi pantchafu. Tinachotsa belolo. Ankapuma, koma kupuma kwake sikunandisangalatse. Ndinaimbira mnzanga wa ambulansi. Anali panjira ndi mayi woyembekezera amene zinthu zinali zitamuvuta, sakanatha kubwerera. Ndinaimbiranso kuchipatala cha ku boma, anati yawo ili kutali. Panatsala kalole kathu, ndipo munthu wothyoka sungamukweze pa lole osamumanga.

Ndinayang'ana chimene chinalipo. Minda inali yokolola kale, munali mapesi okhaokha, ongogwira n'kuthyoka. M'mbali mwa msewu munali mabulugamu ataliatali, chikwanje panalibe. Matabwa a lole yakugwayo anali omangidwa ndi mabawuti. Ndinatuma mnyamata wina kuti akadule nsungwi. Anati nsungwi zili kudambo, n'kuthamanga. Kudamboko sikunkaoneka n'komwe.

Nditatembenuka ndinapeza kaputeni atasiyira mnzake mutu uja, ataima pafupi ndi kalole, thumba lili pamapazi pake. Sanalitsegule.

"Akochi," anatero. Anayang'ana thumbalo.

"Tsegula."

Atsikana anamasula zitenje zawo n'kuyamba kung'amba, ine ndikuyambitsa ndi sizasi. Anatsala ndi makabudula pamsewu, pakati pa amuna. Agogo ena aakazi anayamba kudandaula kuti ana a ndani awa oima maliseche pangozi.

"Agogo, tipatseni chanucho, zathu zatha," anatero kaputeni.

Agogowo anali atamanga ziwiri. Anamasula chimodzi n'kupereka, akung'ung'udzabe.

Ndinene zoona, ndodo ya hoki imakhala pamwendo wa munthu ngati anaipangira zomwezo. Imayambira m'chiuno kufika kuchidendene, ndipo pokhota paja pamagwira phazi kuti lisagwere kumbali. Tinaika ziwiri pa munthu aliyense, ina kunja ina m'kati. Atsikana ankagwira ntchito atatuatatu, osafunsa. Palibe amene anaseka. Ine ndinkayenda kuona mfundo ndi kugwira zala, kenako kubwerera kwa bambo wachete uja.

Bambo amene tinamupeza atanyamulidwa uja anali mkulu wa msinkhu wanga, mwini mabelo ambiri pa loleyo. Mwendo unali wothyoka pansi pa bondo koma pakamwa panali pabwinobwino.

"Achimwene, mabelo anga akuwayang'anira ndani?"

"Gonani, musadzutse mutu."

"Mwendo ndili nawo wina. Fodya ndi yemweyo. Nanga ichi mwandimangachi n'chiyani, ngowe?"

Tili m'kati mokweza, inafika pikapu ya kumudzi kwa bambo wachete uja, muli mchimwene wake. Anati m'bale wawo amutenga okha, afika msanga kuposa lole. Zinali zoona. Tinamukweza bwinobwino pachitseko chimene wina anazula kunyumba kwake, ndinawauza kagwiridwe ka mutu, ananyamuka. Anayi enawo tinawagoneka m'kalole, atsikana atagwada m'mbali mwawo, ndinatembenuza kubwerera. Ndinayendetsa pang'onopang'ono monga ndimayendetsera ambulansi pamabampu. M'thumba munatsala ndodo zinayi.

Kuchipatala cha ku boma tinapeza namwino wotiphunzitsa uja ali pantchito. Anayang'ana onse anayi, mmodzimmodzi.

"Zala za mayi awa zazizira, mfundo iyi yathina." Anaimasula pang'ono. "Zinazi zili bwino. Wachisanu amene munanena pafoni ali kuti?"

Pikapu ija sinafike. Tinamva masana kuti bamboyo anatsirizikira panjira, ndipo abale anangokhota kubwerera naye kumudzi.

Za ndodo sindinafunse tsiku limenelo. Sungamasule mwendo wa munthu kuti upeze katundu wako. Ndinaimbira mphunzitsi wa ku Lilongwe. Anapepesa, n'kunena kuti Loweruka lotsatira likadalipo, koma likadutsa limenelo sukulu ikulowa m'mayeso ndipo ndondomeko ya mipikisano itsekedwa. Ndinafunsa ngati angatibwereke ndodo. Anati kwawo mtsikana aliyense ali ndi yake yomugulira makolo, ndipo ndi zomwezo zimene adzasewerere nafe.

Zinkafunika khumi ndi imodzi. Ndinali ndi zinayi.

Mawa lake nditatuluka m'tchalitchi ndinapita kuchipatala kuja. Mayi wa mfundo yothina uja anali atamutumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, ndodo zake ziwiri zikadali pamwendo. Ndinauza dalaivala amene anamutenga kuti akazifunse ulendo wotsatira. Mkulu wa fodya anali atalamula kuti zake ziwiri aziike pansi pa bedi lake, ndipo anati ndikazifuna ndidzamuuze. Zinayi zinazo, za anyamata awiri, anamwino anazichotsa pomanga miyendo ndi pulasitala n'kuzitsamiritsa pakhoma panja. Pakhomapo panalibe kanthu.

Wolondera pageti anandilozera kukhitchini kwa odikirira odwala. Kumeneko azimayi amaphika pamafuwa, ndipo nkhuni amachita kulimbirana. Ndinalowa. Utsi unali tho. Pamoto wina panali mphika wa phala, pansi pake theka la ndodo yanga, tepi ya pachigwiriro ikusungunuka.

"Mayi, nkhuni imeneyi mwaitenga kuti?"

"Zinatayidwa pakhoma apo, bambo. Zikuyaka bwino, ngati zili ndi mafuta."

"Zinali zingati?"

"Zinayi. Ziwiri tinaphikira dzulo. Kodi zinali zanu? Pepani. Ife timayesa mipini ya makasu yolakwika kusema."

Panalibe chomukalipira. Mayiyo anali asanaonepo hoki chibadwire, ndipo mwana wake ankadikira phalalo m'wodi. Yachinayi inali pamulu wa nkhuni pambali pake, yosapsa. Anandipatsa ndi manja awiri.

Panjira ndinawerengera. Zitatu zapsa. Zinayi za m'thumba, iyi ya pamulu, ziwiri za mkulu wa fodya, ziwiri za ku Lilongwe, ziwiri za malemu. Zikabwera zonse zikwana khumi ndi imodzi ndendende. Ikasowapo imodzi yokha, ulendo palibe.

Maliro anali Lolemba, kumudzi wina kwa Mavwere. Ndikanapita ngakhale pakanapanda ndodo, chifukwa munthuyo ndinamugwira ali moyo. Kaputeni anati apita nawo. Titafika iye analowa kwa azimayi, ine ndinakhala pansi pamtengo ndi amuna. Mchimwene wa malemu anandizindikira, anabwera kudzagwada pafupi nane.

"Ndinu bambo a pamsewu aja. Munayesetsa. Ana anu aja Mulungu awadalitse."

Ndinamupepesa. Za ndodo sindinatchule. Ndinati ndidzafunsa tikabwera kumanda, anthu akamabalalika.

Tisananyamuke kaputeni anandipeza kuseri kwa nkhokwe.

"Mwafunsa?"

"Pamaliro safunsa katundu mwini wake asanagone."

"Ndifunse ine kwa azimayi? Amene anali m'nyumba akudziwa pamene zili."

"Ayi. Tidikire."

Kumanda amuna tinakhala mbali ina, azimayi mbali ina akuimba. Bokosi linatsika. Atatha mapemphero, adzukulu awiri okumba manda anabwera ndi mphasa yokulunga, imene anasambitsirapo malemu. M'mudzi umenewo chilichonse chimene chinali pathupi la munthu pamene ankatsirizika chimapita naye, makamaka pa imfa ya ngozi, kuti ngoziyo isatsale pakhomo. M'mphasamo munali malaya ake, buluku, nsanza za zitenje zathu. Kumapeto kwake kunatulukira mitu iwiri yokhota. Pamene ankaipereka kwa mnzawo amene anali m'dzenje, mphasayo inafunyululuka pang'ono, ndinaona tepi ya buluu.

Panali pafupi. Ndikanatha kudzuka, kunong'oneza mchimwene uja, iye n'kukanong'oneza akuluakulu. Mwina akanazitulutsa. Koma ndikanamuimika munthu wolira pakati pa ine ndi akuluakulu akwawo, mudzi wonse ukuyang'ana, m'bale wake ali m'dzenje. Ndipo anthu akanakumbukira kuti pamaliro a uje kunabwera mkulu wina kudzalanda mitengo m'manda. Sindinadzuke.

Mdzukulu anaigoneka mphasayo m'mbali mwa bokosi n'kutuluka. Makasu anayamba. Kumbali ya azimayi kaputeni anali atasiya kuimba. Anandiyang'ana mpaka dzenje linadzaza.

Pobwerera tinayenda wapansi kukafika kumsewu wa tala. Titayenda mtunda wautali, kaputeni analankhula.

"Inali yanga ija."

"Ndinaiona."

"Mukanalankhula."

"Akanakupatsa, ukanasewera nayo?"

Anayenda pang'ono.

"Ayi," anatero. Kenako anati, "Komabe mukanalankhula."

Madzulo ake ndinaimbira mphunzitsi wa ku Lilongwe kuti sitibwera. Lachitatu ndinauza atsikana pabwalo. Sindinazungulire. Ena analira, ena anangotola mipira n'kuyamba kumenya, kusinthana ndodo zisanu zimene zinalipo.

Za ku Lilongwe zija sizinapezeke. Dalaivala anafunsa m'wodi, anafunsa oyeretsa, palibe amene anadziwa chimene ankanena. Mkulu wa fodya atatuluka m'chipatala anatumiza mwana wake ndi ndodo imodzi. Zinakwana zisanu ndi imodzi. Ndinafunsa ku Chipata, anati mwana wa bwana uja anasamukira kunja kalekale. Ndinayenda m'masitolo a zamasewera ku Lilongwe, anandionetsa mipira yamiyendo ndi majezi.

Tinapitiriza atatu uku atatu uku, enawo atakhala pansi kudikira. Imeneyo si hoki. Pabwalo la pafupi panali mpira wamanja, umene sufuna ndodo, ndipo wodikira amatopa. Anayamba kupita mmodzimmodzi. Sindinawaletse. Mvula itayamba, udzu unamera pabwalo lathu ndipo palibe amene anabwera ndi khasu.

Mayeso a ambulansi ndinakhoza. Pa mayeso a manja anandipatsa mwendo woti ndimange, ndi zomangira zenizeni za pulasitiki, ndipo ndinamaliza anyamata aja asanafike pakati. Satifiketi ili pakhoma m'nyumba mwanga. Ndinagwira nayo ntchito mpaka kupuma, ndipo pangozi zimene ndinafikapo palibe amene ananyamulidwa manja ndi miyendo ine ndilipo.

Mkulu wa fodya ndinakumana naye chaka chotsatira pamsika ku boma. Ndinayamba kuona ndodo, mwini wake pambuyo. Anali ataitembenuza, kokhota kuli m'dzanja, kunsi atakhomerako kachidutswa ka tayala.

"Achimwene a ngowe," anatero. "Ina ija inafika?"

"Inafika. Nanga iyi?"

"Iyi yandizolowera. Mwendowu ukazizira sufuna kumva za wina."

"Mwaidula."

"Pang'ono. Ndinkayenda nayo ngati bishopu, ana amandigwadira panjira."

"Mabelo anu munawapeza?"

"Ena anayenda okha ife tili m'chipatala. Opanda miyendo, koma anayenda." Anaseka, kenako anaiyang'ana ndodoyo. "Mukuifuna?"

Yodula sisewera. Ndinamuuza kuti nthawi ya chilimwe aziidzoza mafuta a nsatsi.

Kaputeni anakwatiwa kutsidya kwa malire. Asanapite anabwera kudzatsanzika, anapempha kuti nditulutse thumba. Anasankha imodzi, anayendetsa mpira pakhomo kuchokera pankhokwe kufika pakhola, kubwerera, n'kuipukuta ndi chitenje chake, kuibwezera yekha. Zisanu ndi imodzi zija zikadali pansi pa bedi. Mkazi wanga anasiya kuzinena.

Zimene zinatayika ndi izi. Munthu mmodzi. Ndodo zisanu ndi zitatu: zitatu pamoto, ziwiri m'manda, ziwiri ku Lilongwe, imodzi ikuyenda ndi mkulu wa fodya. Zitenje khumi ndi zinayi za atsikana, ndi chimodzi cha agogo aja. Masewera amodzi amene sitinasewere. Timu imodzi.